Kwa makasitomala athu a ku Ulongwe: majumbo tiziika padera

Amayi ndi abambo,

Tikupereka moni kwa nonse amene mumatisungira mabotolo, zitini ndi makatoni sabata ndi sabata. Kuyambira Lolemba loyamba la mwezi wa Novembala, tikupempha kuti m'thumba limene mumaika pageti musamakhalenso jumbo ngakhale imodzi. Mabotolo muzingowakhuthulira m'thumbamo okhaokha, osawamanga m'jumbo.

Cholakwa chinayambira kwa ife. Pamene tinkayamba ntchitoyi tinakuuzani kuti chilichonse cha pulasitiki tikuchifuna, inu n'kumvera. Pepani, nthawi imeneyo tinali tisanaone mavuto amene majumbo amabweretsa.

Kuntchito kwathu tili ndi chigayo chodulira mabotolo. Botolo ndi louma, mipeni ikangolikhudza limaduka tizidutswa n'kugwera pansi. Jumbo siduka. Imatamuka, n'kudzikulunga pachitsulo chozungulira chija, ina kubwera pamwamba pa inzake, mpaka mota itatentha, lamba n'kuyamba kulira. Zikatero timazimitsa magetsi, mnyamata woyendetsa chigayo n'kugwada ndi mpeni kumang'amba pang'onopang'ono, zala zili pafupi ndi mipeni yakuthwa. Mwezi watha tsiku lina linathera pomwepo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Komanso majumbo ndi mabotolo sizochokera ku pulasitiki mmodzi. Mukatembenuza botolo la madzi kapena la zakumwa mupeza kachizindikiro ka makona atatu kali ndi nambala 1 pakati. Ameneyo ndi PET, amasungunuka pa madigiri pafupifupi 250. Jumbo ndi polyethylene, yomwe pa madigiri 120 yayamba kale kusungunuka. Zikasakanikirana, zimene atulutse kufakitale sizilimba, choncho ogula athu akapeza majumbo m'katundu amatsitsa mtengo pa kilo, pena kukana kumene. Tangoganizani galimoto yatsika mpaka ku Tete, mafuta apsa, katundu n'kubwerera.

Chimene chimatipweteka kwambiri ndi jumbo yomanga mfundo. Amayi amene amasankha katundu saona zam'kati, amang'amba ndi manja. Akumanamo ndi matewera a ana, nsima yowola, malezala. Mmodzi wa iwo anachekeka chala ndi galasi losweka, ndipo anakhala masiku angapo osagwira ntchito. Amayi amenewa ndi anansi anu, mumakumana nawo pamsika ndi kutchalitchi.

Sitikuti majumbowo muwataye. Nyumba iliyonse tiipatsa kathumba kachiwiri, kofiira. M'menemo muziika majumbo, mapepala a shuga, a mchere ndi a buledi, okung'untha bwino ndi ouma. Tizikatenga kamodzi pamwezi, ulendo woyamba wa mwezi, ndipo tiziwaunjika paokha kuti apite kwa ogula pulasitiki wofewa. Mapepala a mabisiketi onyezimira m'kati aja sitiwatenga, chifukwa ndi ophatikiza pulasitiki ndi chitsulo.

Chonde musamakolezere mbaula ndi jumbo. Tikudziwa kuti makala amayaka msanga, koma utsi wakewo amaupuma ndi mwana ali kumbuyo. Musawasiyenso kudzala kuti aziuluka ndi mphepo. Kuno ku Angónia aliyense woweta anamvapo za mbuzi kapena ng'ombe yomangowonda msipu ulipo, poipha n'kupeza majumbo atapiringizana m'chifu. Mvula nayo yayandikira, ndipo ngalande zotsekeka ndi majumbo madzi ake amathera m'nyumba za anthu.

Boma la Mozambique linakhazikitsa lamulo mu 2015 loletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 30 pa kukhuthala kwake (ma micron 1,000 ndiwo milimita imodzi), ndiponso loletsa masitolo kugawa majumbo mwaulere. Komabe timajumbo ta tomato ndi mafuta tikadali mbwee m'misika. Ife tikuona kuti dengu kapena chitenje zimanyamula mbatatesi bwino kuposa jumbo yong'ambika panjira, ndiye mukamapita kumsika tengani chanu.

Ndalama imene mumalipira pamwezi sisintha, masiku otolera ndi omwe aja, ndipo kathumba kofiirako ndi kaulere. Milungu iwiri yoyamba, anyamata athu akapeza majumbo m'thumba la mabotolo azigogoda kuti musankhe limodzi pomwepo. Alandireni bwino, ndife tawatuma. Ngati kathumba kanu sikanafike pofika kumapeto kwa Okutobala, auzeni akamadutsa ndi ngolo.

Zikomo kwambiri,
Ndife anzanu otola mabotolo ndi zitini, Ulongwe