Mbuzi zathu zathokoza mitengo ya 2063

Akonzi,

Ndipatseni kampata ndithokoze, m'malo mwa mbuzi za m'mudzi mwathu kuno ku Mangochi, bungwe lina lomwe linatibweretsera mwambo wodzala mitengo. Mbuzizo zakhuta.

Anabwera mu Epulo mvula italeka kale, chonsecho ngakhale mwana wa Sitandade 5 amadziwa kuti nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa mu Disembala. Magalimoto mdipiti, matenti, zokuzira mawu, malaya olembedwa MW2063, dzina la masomphenya a chitukuko cha dziko lino pofika chaka cha 2063. Bwana wamkulu anagwira khasu ngati wagwira njoka, nkudzala kamtengo kamodzi, ojambula nkujambula, basi ulendo wa ku loji ya m'mbali mwa nyanja kukasainira alawansi. Mbande zotsala anangoziunjika m'machubu pansi pa mlambe. Mpanda panalibe, wothirira sanasankhidwe, ndi chitini chomwe sanatisiyire. Sabata isanathe mbuzi zinamaliza ntchito. Sindikukayika kuti mu lipoti lawo mitengoyo ili moyo, mwina yayamba kale kupereka mthunzi.

Inu a National Planning Commission, masomphenya munakhazikitsa mu 2021 aja ndi amenewa? Mukudziwa kuti dzina lawo ena akungolivala pamsana?

Ife za kusintha kwa nyengo sitizimvera pa wailesi. Namondwe Freddy tinamuona mu 2023. Mu 2024 nyanja inakwera nkulowa m'nyumba ndi m'maloji momwe, pomwe kumtunda chimanga chinali kupserera ndi ng'amba ya El Niño. Chambo ku Malombe chatsala m'nkhani za agogo. Koma matumba a makala ochokera ku nkhalango za Phirilongwe ndi Namizimu amatsika panjinga dzuwa likuswa mtengo, ndipo ena owagula ndi omwewo ovala malaya aja. Akatiuza kuti tisamuke m'malo otsika, sanena kuti tikamange m'munda mwa yani. Misonkhano yokha ndiye siphonya, iliyonse ya ku loji.

Bwana DC ndi mafumu athu, musalolenso mwambo wotere m'boma lino. Ndalama za matenti ndi mafuta zipite ku komiti ya m'mudzi yoona zachilengedwe, mbande zifike ndi mvula yoyamba, ndipo bwana aliyense alandire alawansi yake mtengo wake ukatha chaka uli moyo. Machubu awo aja abwere adzatole, akutidetsera pabwalo.

Mlimi wokhumudwa,
Mangochi