Sefa ya imelo isamataye makalata enieni

Akonzi,

Tipatseni kampata tilankhule ndi anzathu oyang'anira imelo m'maofesi, m'masukulu ndi m'mabungwe. Makalata ofunsira ntchito, ma invoice ndi mayankho a ma tender a malonda akuthera mu spam (momwe mumaponyedwa makalata osafunika), eni ake n'kumangoti "sitinalandire". Kawirikawiri vuto silikhala netiweki koma sefa yothina mopitirira muyeso.

Maofesi amene imelo yawo ili pa cPanel (pulogalamu yoyendetsera webusaiti ndi imelo pa seva) amasefa ndi SpamAssassin. Pulogalamuyi imapatsa kalata iliyonse mapointi, ndipo ikafika pa 5 imayesedwa spam. Nambalayi ikatsika, sefa imathina. Ndiye munthu akatopa ndi zinyalala amaitsitsa kufika pa 2 kapena 3, n'kutsegulanso Auto-Delete, yomwe imafufuta yokha makalata oyesedwa spam. Apa ndiye pagona ngozi, chifukwa kalata yofufutidwa motere siibwereranso, ndipo palibe amene amadziwa kuti inabwera. Nambalayi isiyeni pa 5, tsekani Auto-Delete, tsegulani Spam Box kuti zokayikitsa zizisungidwa pambali. Kwa masabata awiri muziyang'anamo tsiku lililonse. Mukapeza kalata yeniyeni, tsegulani ma header ake (mizere yobisika ya pamwamba pa kalata) muwerenge mizere ya X-Spam-Status ndi X-Spam-Report: imaonetsa mapointi ndi malamulo amene aigwira. Konzani lamulo lomwelo, osati kumasula sefa yonse.

Pa Gmail, zili mu Spam zimafufutika zokha pakatha masiku 30. Dinani "Not spam" pa kalata yabwino kuti sefa iphunzire. Kwa munthu amene mumalemberana naye nthawi zonse, pitani ku Settings, kenako Filters and Blocked Addresses, pangani filter ya adilesi yake ndi kusankha "Never send it to Spam". Koma chonde musaloleze gmail.com yonse, ngakhalenso domain ya ofesi yanu (dzina lobwera pambuyo pa @ mu adilesi). Akuba amadziwa kunamizira adilesi ya abwana, ndipo mukatero mwawatsegulira chitseko nokha.

Otumiza nawonso ali ndi mbali yawo, ndipo ndi yaikulu. Kuyambira mu February 2024, Gmail imafuna kuti aliyense wotumiza akhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo otumiza makalata oposa 5,000 patsiku ku ma adilesi a Gmail akhale nazo zonse ziwiri pamodzi ndi DMARC. SPF ndi mzere wa mu DNS (kaundula wa ma domain pa intaneti) wotchula ma seva ololedwa kutumiza m'dzina la domain yanu. Uyenera kukhala umodzi wokha. Ofesi ikasamukira ku Microsoft 365 n'kuwonjezera mzere wachiwiri osachotsa wakale, yonse iwiri imalephera. Mzere wa SPF usapitirirenso ma lookup 10, kutanthauza maulendo amene seva yolandira imafunsa DNS pouwerenga. DKIM ili ngati chidindo pa kalata, ndipo imapulumutsa makalata opatsirana pa forwarding, pomwe SPF imagwa chifukwa seva yasintha. DMARC imauza wolandira chochita ndi kalata yolephera SPF ndi DKIM. Muyambe ndi p=none (kungolandira malipoti osatsekereza kalata), muwerenge malipoti kwa mwezi, mupeze zonse zotumiza m'dzina lanu, monga pulogalamu ya malipiro kapena sikana ya pa photocopier, musanafike pa quarantine (kuponya kalata mu spam) kapena reject (kuikana). Kuthamangira reject kumatsekereza makalata anu omwe.

Kuyesa n'kosavuta. Tumizani kalata kuchokera ku adilesi ya ofesi kupita ku Gmail yanu, dinani timadontho titatu, sankhani "Show original". Pa SPF, DKIM ndi DMARC payenera kulembedwa PASS. Pamene palembedwa FAIL ndi pomwe muyambire kukonza.

Ogwira ntchito za makompyuta,
Lilongwe