Lipoti la ku msonkhano wa sayansi ndi tekinoloje umene munandituma ku Lilongwe

A wapampando, aphunzitsi anzanga nonse a sayansi ndi masamu m'kilasita mwathu muno, amayi ndi abambo, ndabwerako bwino ku Lilongwe kuja ndipo ndati ndilembe msanga zisanandithawe m'mutu. Zikomo kwambiri chifukwa cha ya thiransipoti imene munasonkha. Nkhani yaikulu kumeneko inali yoti kodi Malawi ali pati pa mpikisano wa maiko pa sayansi ndi tekinoloje, ndipo kunali a m'mayunivesite, ofufuza za ulimi ndi zaumoyo, a makampani, achinyamata a zamakompyuta, koma ife a kusekondale tinali owerengeka zedi moti munachita bwino kutuma munthu.

Poyamba anatifotokozera mmene maiko amayezedwera. Bungwe la WIPO la ku Geneva, loona zoteteza zinthu zimene anthu atulukira, limatulutsa mndandanda chaka ndi chaka wotchedwa Global Innovation Index, Switzerland yakhala pa nambala wani zaka zoposa khumi zotsatizana, ndipo kuno kumwera kwa Sahara amene amakhala kutsogolo ndi Mauritius ndi South Africa. Sikuti amayeza nzeru za anthu ayi, amaona ndalama zimene dziko limaika pa kafukufuku, kuchuluka kwa ofufuza, ziphaso zoteteza zinthu zimene anthu atulukira, magetsi, intaneti komanso katundu waluso amene dzikolo limagulitsa kunja. Maiko a mu African Union anagwirizana mu 2006 kuti dziko lililonse lizipatula 1 peresenti ya chuma chake kuti ipite ku kafukufuku koma ngakhale South Africa yomweyo sinafikepo, pamene South Korea imaika pafupifupi 5 peresenti.

Za South Korea zinandikhudza. Nkhondo yawo inatha mu 1953 dziko lili bwinja, koma mu 1966, chaka chomwe ife tinakhala repabuliki, iwo anatsegula malo a kafukufuku a KIST ku Seoul nkuyamba kuitana ana awo amene anaphunzira kunja kuti abwerere, anawapatsa malipiro abwino ndi nyumba nkuwauza kuti ntchito yanu ndi kuthetsa mavuto a mafakitale athu. Lero ambirife tanyamula mafoni a Samsung. Ife lamulo la sayansi limene linakhazikitsa bungwe la boma loona za sayansi ndi tekinoloje la NCST ndi la 2003, yunivesite ya sayansi ndi tekinoloje ya MUST ku Ndata inatsegulidwa mu 2014, ndiye inde tinayamba mochedwa, komabe tinayamba.

Chimene sindikufuna muphonye ndi ichi, dziko lino lachitapo zinthu zimene dziko lonse lapansi linatengera, ndipo ana athu m'kalasi sazidziwa chifukwa ifenso sitiwauza. Mu 2011 Malawi ndi amene anayamba kupereka ma ARV kwa mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi HIV kuti azimwa moyo wake wonse osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi, njira imene amaitcha Option B+, chifukwa makina oyezera chitetezocho anali ochepa m'zipatala zathu, kenako WHO inaivomereza maiko ambiri nkutsatira. Mu April 2019 tinali oyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana, Ghana ndi Kenya anabwera pambuyo. Katemera wa taifodi anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 ku Ndirande ndi Zingwangwa ndipo mu 2023 anaperekedwa dziko lonse. Kachipangizo ka Pumani kothandiza makanda obadwa masiku asanakwane kupuma kanakonzedwa ndi a ku Rice University mogwirizana ndi madokotala ndi anamwino a ku Queen Elizabeth. Ku Kasungu mu 2017 kunatsegulidwa malo oyeserera ma drone, tindege touluka topanda munthu mkati, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunayamba sukulu yophunzitsa achinyamata a mu Africa kupanga ndi kuulutsa tindegeti. Ngakhale mtedza wa CG7 umene timadzala m'minda mwathuwu unadutsa m'manja mwa ofufuza a ku Chitedze.

Koma mayi wina wofufuza zaumoyo anafunsa funso limene linazizilitsa holo yonse, anati pa zonsezi ndalama anapereka ndani, nanga katunduyo amapangidwa kuti. Katemera wa malungo ndi wa kampani ya GSK, wa taifodi ndi wa Bharat Biotech ku India, ndalama za kafukufuku wambiri zimachokera kunja ndiye mafunso ofufuzawo nthawi zambiri amasankhanso ndi eni ndalama. Ine ndinaona ngati tili ngati tenanti pa esiteti ya fodya, thukuta ndi luso nzathu koma mabelo akapita ku okushoni dzina ndi la wina. Sindikunyoza abale otithandizawa ayi, miyoyo ya ana yapulumuka, koma pulojekiti ikatha ofufuza athu amasowa pogwira ena nkupita ku Johannesburg kapena ku UK. Nkhani yomweyi inabweranso pa migodi, mchenga wamtengo wapatali wa rutile wa ku Kasiya, miyala yamtengo wapatali ya ku Kangankunde ndi ku Songwe Hill, uranium wa ku Kayelekera, ngati tilibe akatswiri athuathu a kemisitire ndi zazitsulo ndiye tizingotumiza dothi kunja phindu lenileni nkutsala komweko.

Apa mpamene ndinakweza dzanja nkunena zimene munandituma. Ndinawauza kuti nthawi yambiri yathera pa AI, makompyuta otsanzira nzeru za munthu, ndi mabizinesi a pa intaneti, zabwino ndithu, koma injiniya amene mukumufuna m'masomphenya a chitukuko a Malawi 2063 panopa ali mu Fomu 1 pa CDSS yopanda labu, amajambula burette, kachubu kagalasi koyezera makemikolo amadzimadzi, m'kope osaigwirapo, ena amakaiona koyamba mayeso a pulakitiko a MSCE atayandikira titachita kubwereka kusukulu ina. Ndinanena za mphunzitsi mmodzi kunyamula fizikisi, kemisitire ndi masamu yekha, za atsikana amene amasiya fizikisi akafika Fomu 3 chifukwa anauzidwa kunyumba kuti ndi ya anyamata, za sukulu zimene zinalandira makompyuta koma kulibe magetsi. Za magetsi aliyense anagwedeza mutu chifukwa tonse tikukumbukira namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, mamegawati pafupifupi 130 kuchoka nthawi imodzi, ndipo ofufuza ananena okha kuti labu imene mafiliji ake amazima siingapikisane ndi wina aliyense.

Kunena zoona ena anandimvetsera mwaulemu chabe nkubwerera ku nkhani zawo, zinandiwawa. Koma pa nthawi ya tiyi aphunzitsi angapo a ku yunivesite anandipeza nkunena kuti vutoli amaliona okha, ophunzira a chaka choyamba amafika ndi mapointi abwino koma manja osazolowera chipangizo chilichonse, ndipo anati ali okonzeka kutumiza ophunzira awo a chaka chomaliza kudzachititsa mapulakitiko nthawi ya holide ngati ife titalemba kalata yooneka bwino. Pa mfundo zomaliza za msonkhano analembamo yoti masukulu a sekondale akumidzi aganiziridwe pa malabu ndi magetsi a sola, ndi chiganizo chimodzi chokha koma chilipo ndipo tikhoza kuchigwiritsa ntchito polemba makalata.

Ndiye pempho langa kwa inu ndi ili, sukulu iliyonse ilembe zipangizo zimene ili nazo, zogwira ntchito ndi zowonongeka zomwe, ndi makemikolo amene masiku ake anatha, kuti tidziwe chimene tingabwerekane komanso chimene tikapemphe. Sukulu imene ili ndi labu tikambirane ndi ahedi ake za Loweruka kuti ana a Fomu 3 a masukulu enawa azipitako mosinthana, osadikira Fomu 4. Kalata ya ku yunivesite ndiyamba kuilemba ine, alembi athu adzaione. Ndipo nkhani za Option B+, Pumani ndi CG7 tiyeni tizilowetse m'maphunziro sabata ino yomwe, sizifuna bajeti.

Mapepala onse amene anatigawira ndili nawo pamodzi ndi malisiti a ulendo, ndidzabwera nawo pa mkumano wathu wa kumapeto kwa mwezi. Amene ali ndi funso asadikire tsikulo, andiimbire.