Okonza maulendo a ku Israel asamapondereze tsiku la kugombe

A Mkonzi,

Tiloleni tilankhulepo pa maulendo a magulu a Akhristu opita ku Israel, makamaka pa ndondomeko imene anthu amapatsidwa asanalipire. Zambiri mwa ndondomekozi zimaunjika malo ochuluka m'masiku 7, ndipo tsiku limene limaponderezedwa ndi la m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean. Anthu amatsika pa bwalo la ndege la Ben Gurion atachezera pampando usiku wonse, n'kukwezedwa basi, Jaffa n'kungomuonera pawindo, ku Caesarea n'kungopondako, pofika madzulo ali kale ku Tiberias, miyendo itatupa.

Chonsecho kugombeko n'kumene Uthenga Wabwino unatulukira kupita kwa anthu a mitundu ina. Jaffa ndiye Yopa wa m'Baibulo, kumene Yona anakwerera chombo pothawa, ndiponso kumene Petro anaona masomphenya ali padenga la nyumba ya Simoni wofufuta zikopa. Atachoka pamenepo anapita ku Caesarea kukabatiza Korneliyo. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 60, ndipo Machitidwe 10 akusonyeza kuti Petro anafika tsiku lotsatira atanyamuka. Gulu likawerenga mutuwu lili ku Jaffa, n'kukaumalizira ku Caesarea, nkhaniyo imalowa m'mutu mosiyana ndi kuimva uli pabenchi.

Caesarea payekha amafuna maola osachepera 2. Mzindawu anaumanga ndi Herode Wamkulu, ndipo muli doko, bwalo la zisudzo, bwalo la mipikisano ya akavalo, ndi mabwinja a nyumba yachifumu yoloza m'nyanja. Paulo anakhala m'ndende mumzindawu zaka 2 asanatumizidwe ku Roma. Mu 1961 ofukula zakale anapeza mwala wolembedwa dzina la Pontiyo Pilato. Umene uli pamalopo ndi wongofanizira, weniweni uli ku Israel Museum ku Yerusalemu. Mthunzi ndi wochepa kwambiri, choncho chipewa ndi botolo la madzi n'zofunika munthu asanatsike basi. Dziwaninso kuti malowa ali m'manja mwa bungwe la boma losamalira mapaki, amatseka madzulo dzuwa likadalipo, ndipo Lachisanu amatseka msanga kuposa masiku ena. Ndege ikachedwa pang'ono, gulu limakapeza geti yotseka.

Tikupempha okonza ulendo kuti usiku woyamba anthu agone ku Tel Aviv kapena ku Netanya, apume, kenako gombe alipatse tsiku lathunthu: Jaffa m'mawa, Caesarea dzuwa lisanafike pamutu, masana phiri la Karimeli pa Muhraqa, pamene pamakumbukiridwa Eliya ndi aneneri 450 a Baala. Mzinda wa kugombe wa Akko, umene Machitidwe 21:7 amautcha Ptolemais, ulowe pokhapokha ngati nthawi yatsala. Ofuna kusambira ayang'ane mbendera ya opulumutsa anthu: yoyera ndiye kuli bwino, yofiira chenjerani, yakuda musalowe. Madziwo amakoka munthu ngakhale akuoneka odekha.

Chimene chimadya nthawi, koma sichilembedwa pa pepala, ndi basi. Anthu 45 kuti atsike, apite kuchimbudzi, awerengedwe, akwerenso, pamapita mphindi 20 kapena kuposerapo pa malo alionse. Muchulukitse ndi malo 8 patsiku muone maola amene atayika. Malo 4 kapena 5 ndi okwanira. Matchalitchi angapo, monga ena a ku Galileya ndi pa phiri la Azitona, amatseka masana n'kutsegulanso cha m'ma 2 koloko, ndipo wovala kabudula kapena malaya oonetsa mapewa amabwezedwa pakhomo. Sabata limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa mpaka Loweruka usiku: sitima ndi mabasi ambiri a anthu onse amaima, masitolo a Ayuda amatseka, ndipo m'mahotelo muli chikepe chimene chimaima chokha pa nsanjika iliyonse, moti wofulumira amaganiza kuti chawonongeka. Ku Garden Tomb, munda wa ku Yerusalemu umene ena amakhulupirira kuti ndiwo muli manda a Yesu, satsegula Lamulungu.

Za thupi nazonso zisapeputsidwe, pakuti ambiri opita ndi achikulire. Nyanja ya Galileya ili mamita pafupifupi 210 pansi pa mulingo wa nyanja yaikulu, Nyanja Yakufa mamita oposa 400, pamene Yerusalemu ali mamita pafupifupi 750 pamwamba. Tsiku limodzi munthu akhoza kutuluka thukuta ku Masada, pafupi ndi Nyanja Yakufa, masana, usiku n'kumanjenjemera ku Yerusalemu. Mu Nyanja Yakufa musamize mutu, musamete ndevu kapena miyendo tsiku limenelo, ndipo mphindi 15 zakwana; madziwo akalowa m'maso sambani ndi madzi abwino nthawi yomweyo. Ngalande ya Hezekiya, ya pansi pa nthaka ku Yerusalemu, ndi yotalika mamita 533, ya mdima, yopapatiza, madzi amafika m'mawondo kapena kupitirira. Imafuna tochi ndi nsapato zolowa nazo m'madzi, ndipo wa vuto la mtima kapena woopa malo opanikizika adutse njira youma imene ili pomwepo. Kutsika phiri la Azitona kupita ku Getsemane n'kotsetsereka kwambiri, miyala yake yoterera, nsapato zatsopano kapena zazitali zisiyidwe kuhotelo.

Pa bwalo la ndege sadinda pasipoti, amapereka kakhadi kabuluu. Kasungeni m'pasipotimo mpaka tsiku lobwerera, pakuti mahotelo amakafunsa, ndipo popita ku Betelehemu, komwe kuli m'dera la Apalestina, pasipoti iyenera kukhala m'thumba, osati m'sutikesi.

Musanapereke ndalama, funsani mtsogoleri wa gulu akulembereni ngati mtengowo ukuphatikizapo chakudya chamasana, ndalama zolowera m'malo, ndi zothokozera dalaivala ndi woperekeza, chifukwa zitatuzi n'zimene zimayambanitsa anthu m'basi. Ndalama ya kumeneko ndi shekel. Funsaninso za inshuwalansi: chiyambireni nkhondo ya mu October 2023 makampani a ndege akhala akuimitsa maulendo mwadzidzidzi, ndipo inshuwalansi zambiri sizilipira zotayika chifukwa cha nkhondo. Pangano linene momveka kuti ulendo ukalephereka, ndalama zobwezedwa ndi zingati, ndipo zidzabwezedwa pakatha masiku angati.

Ife owerenga anu