Ma vape otaya akudzadza m'madzala mwathu, tiyambe ndi amenewa

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhulepo za ma vape, tinthu tija achinyamata akumakoka n'kutulutsa utsi wonunkhira ngati maswiti, poti nkhaniyi yafika kale kuno ku Dedza koma anthu tikungoiyang'ana ngati ndi ya ku Lilongwe kokha. Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni pa boma pano, nde za mabatire ndimazidziwako ndithu, ndipo maganizo anga ndi oti munthu wamkulu amene wasankha kusiya ndudu n'kupita ku vape, bola agule yothira juwisi (madzi a nikotini amene amasanduka utsiwo) ndi kutchaja ija, yotaya ikatha ija ayi, ndipo akuluakulu a malamulo akafuna kugwirapo ntchito ayambe ndi yotayayo.

Anthu ambiri sadziwa chimene chili mkati mwa vape yotaya. Kaya yalembedwa Elf Bar kaya dzina lanji, mukaiswa mupeza zomwezomwezo: thonje lonyowa ndi juwisi, kawaya kotenthetsa kamene amati koyilo, kasensa koyatsa munthu akangokoka mpweya, ndi batire la lithium. Batire limeneli ndi mtundu womwe uja wa m'mafoni ndi mu power bank, loti likanatha kutchajidwa maulendo mazanamazana bwinobwino, koma opanga anangosankha kusaikapo polowetsa tchaja, ndiye munthu akakoka masiku angapo juwisi n'kutha, chonsecho amataya pamodzi ndi batire lamoyo. Ife okonza mafoni zimatiwawa kuona zimenezi, poti kasitomala amabwera akulira ndi mtengo wa batire la foni pomwe kunja kwa shopu mabatire akungopondedwa mu ngalande. Palinso zazikulu zija zolembedwa 5000 kapena 10000 puffs, kutanthauza maulendo okoka, zimenezo zili ndi potchajira inde, koma juwisi akatha simungathiremo wina, nde nazonso ndi zotaya basi, zisakupusitseni.

Nanga kuno zinyalala timatani nazo? Timasesa, kuunjika pa dzala, n'kuyatsa. Mwezi wa June ndi July mmene kumazizirira ku Dedza kuno, moto wa zinyalala wa m'mawa uja ana amauzungulira kuwotha asanapite ku sukulu, ndipo palibe amene amayamba wafufuza kuti mu mulumo mwalowa chani. Batire la lithium likatenthedwa kapena kuphwanyidwa limafufuma, kutulutsa utsi woipa, pena kuphulika n'kumwaza moto. Lina likapulumuka ku moto limathera m'chimbudzi chokumba kaya m'munda, mvula ikabwera n'kukokolokera ku madimba komwe timalima mbatata ya kachewere ndi kabichi. Ana ena amatola n'kumayamwa poti kamanunkhirabe mango, ena amaswa ndi mwala kufuna kagetsi kali kunsi kaja.

Olo ku mayiko kumene magalimoto otola zinyalala amabwera sabata iliyonse zinawakanika. Ku UK kafukufuku wa mu 2023 anapeza kuti ma vape otaya pafupifupi 5 miliyoni amatayidwa sabata iliyonse, ndipo mabatire oterewa amayambitsa moto m'magalimoto a zinyalala ndi kumalo osankhira zinyalala. Mapeto ake analetsa kugulitsa kuyambira pa 1 June 2025, ndipo lamulo lawo likuti vape yololedwa ikhale yotchajika komanso yothirika, zonse ziwiri. Belgium inayamba kale mu January 2025, France n'kutsatira mu February chaka chomwecho. Nde funso langa ndi loti, mafakitale a ku Shenzhen ku China komwe ma vape ambiri amapangidwa sanatseke, katundu amene azungu akukana uja apita kuti? Ine ndikuona kuti abwera kwa ife amene sitifunsa mafunso, ndipo ife a ku Dedza tili pakhomo penipeni, mabasi a ku Joni amalowera pa boda pathu pompano, ndiye kabokosi ka ma vape kamakwana mu chikwama cha zovala osaoneka. Za mapepala apulasitiki opyapyala tonse tikukumbuka, lamulo linabwera mu 2015, kenako milandu ku khoti zaka ndi zaka, pofika poti tizigwirizana majumbo anali atadzadza kale paliponse. Apapa mpata ulipobe poti osuta vape sanachuluke kwambiri.

Tsopano yothira ija imayenda chonchi. Pali thupi lake mmene muli batire, lotchaja ndi tchaja ya Type-C yomwe ija ya foni, ndiye pamwamba pali kabotolo kovula kamene amati pod, mmene muli koyilo ndi thonje. Juwisi mumagula payekha m'botolo, n'kumathira nokha. Mitundu yodziwika ndi monga Vaporesso XROS ndi Uwell Caliburn, iliponso ina yambiri. Thupilo limakhala miyezi yambiri ngati mukulisamala, chimene chimatha ndi pod, kawirikawiri sabata imodzi kapena awiri, ndipo juwisi wotsekemera kwambiri amaipsereza msanga. Mukaika pod yatsopano thirani juwisi n'kudikira mphindi zisanu kapena khumi thonje linyowe kaye, mukathamangira kukoka mupsereza thonje ndipo kukoma kwa chinthu chopserera kumeneko sikuchokanso, pod yatha pomwepo ndalama yapita. Kuno kozizira palinso kena, juwisi ali ndi glycerin amene amalimba kukazizira, nde m'mawa wa chisanu sayenda bwino kupita ku thonje, bola kuisunga m'thumba la mkati itenthedweko musanakoke.

Masamu ake ndi osavuta. Vape yotaya yaing'ono imakhala ndi juwisi wokwana 2 ml. Botolo limodzi la 30 ml ndiye kuti ndi ma vape otaya 15, kutanthauza mabatire 15, mapulasitiki 15, zonse zoti dziko lagula ndi madola amene tikusowa ogulira mafuta ndi feteleza. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera, nde kumaitanitsa batire loti ligwire ntchito masiku ochepa n'kutaya ine ndimaona ngati misala. Zoona, poyamba yothira imadula, muyenera kugula thupi, pod ndi botolo nthawi imodzi, ndipo ife tinazolowera kugula pang'onopang'ono, ndudu imodzi imodzi pa okala, bandulo ya tsiku limodzi, nde yotaya imaoneka ngati yopepuka m'thumba. Koma werengerani mwezi wonse muone amene waononga zambiri.

Chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa ndalama ndi nkhani ya nikotini. Tengani paketi ya yotaya muwerenge, zambiri zogulitsidwa kunja kwa Ulaya zalembedwa 5%, ndiye kuti 50 mg pa ml iliyonse, pomwe ku UK ndi mayiko a EU malire ndi 20 mg. Mnyamata woti sanasutepo fodya chibadwire akuyamba ndi mphamvu yoposa kawiri imene azungu amalola kwa munthu wosuta kale, ndipo poti juwisi wake sakanda pakhosi komanso amakoma ngati switi, amangokoka tsiku lonse osadziwa kuti wakodwa. Ndi yotaya simusankha, chimene anaikamo ndi chomwecho. Ndi yothira mumasankha nokha mphamvu, mutha kuyamba ndi 20, patapita nthawi kutsika pa 10, kenako 3, mpaka juwisi wopanda nikotini amapezeka. Kwa bambo amene wasuta ndudu zaka zambiri ndipo akufunadi kusiya, makwerero amenewa ndi amene angamuthandize, yotaya ija imangomusunga pamwamba pomwepo.

Ndisamveke ngati ndikutsatsa malonda, ine sindigulitsa vape ndipo mwana wanga nditamupeza nayo tingayambane. A zaumoyo ku UK amati vape ndi yochepa kuopsa poyerekeza ndi ndudu chifukwa palibe chimene chikuyaka, nde mulibe phula lija ndi mpweya wa carbon monoxide, koma omwewo amanenanso kuti si yopanda vuto ndipo wosasuta asayambe. A WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, ndiye amakayikira kwambiri, mu December 2023 anapempha mayiko kuti achitepo kanthu msanga makamaka poteteza ana. Ine ndimatenga mbali zonse ziwiri: wosuta kale ndudu asinthe ngati zimuthandiza, wa Fomu 3 asayandikire n'komwe. Komanso tinene chilungamo, agogo osuta chingambwe ku Lobi kapena ku Mayani nkhani iyi siikuwakhudza, sagula pod iwo aja, iyi ndi ya pa boma, pa Lizulu, pa ma trading centre a mu M1, m'mabala ndi m'makoleji.

Yothira nayo ili ndi mavuto ake, ndipo kuno kwathu mavutowo ndi akulu kuposa kwa azungu. Choyamba juwisi. Botolo lotseguka limaitana anthu anzeru zawo, wina ayamba kusungunula kuti achulukitse phindu, wina kuthira m'timabotolo topanda chizindikiro, wina kuyesa kuthiramo mafuta a chamba. Ku America kuyambira mu 2019 mpaka kumayambiriro kwa 2020 anthu oposa 2,800 anagonekedwa m'zipatala ndi matenda a mapapo ndipo 68 anamwalira, atafufuza anapeza kuti chachikulu chinali vitamin E acetate, chinthu chonga mafuta chimene ogulitsa mwachinyengo amasakaniza ndi mafuta a chamba. Mapapo salandira mafuta, nde mu pod musathire china chilichonse kupatula juwisi wopangidwira ntchitoyo, wobwera wotsekedwa, wolembedwa zimene zili mkati ndi mphamvu ya nikotini. Kenako ana m'nyumba. Botolo la juwisi limanunkhira zipatso ndipo likuoneka ngati la mankhwala a chifuwa, mwana wamng'ono akamwa ndi poizoni weniweni, nikotini amalowanso ndi pakhungu. Nyumba zathu zambiri ndi za chipinda chimodzi kapena ziwiri, palibe kabati wokhoma, ndiye amene wagula aganize kaye posunga, ndipo mwana akamwa thamangirani ku chipatala ndi botolo lomwelo m'manja adokotala aone.

Ma pod nawo sapezeka paliponse, ndipo pod ya kampani ina siilowa pa thupi la kampani ina. Musagule chifukwa chooneka bwino pa Facebook, yambani mwafunsa ngati ma pod ake amapezeka ku Lilongwe nthawi zonse, apo ayi mukhala ndi kachitsulo kokongola kopanda ntchito n'kubwereranso ku zotaya zomwe zija kapena ku ndudu. Za kutchaja ndi zomwe ndimauza makasitomala a mafoni tsiku ndi tsiku, osasiya pa tchaja usiku wonse pa bedi, osaika padzuwa pa dashibodi ya galimoto, ndipo ikayamba kutentha kwambiri kapena kufufuma isiyeni. Magetsi akazima si nkhani, batire lake ndi laling'ono, sola kapena power bank imakwana.

Ena anena kuti Malawi ndi dziko la fodya, tisamakhudze nkhani zimenezi tingapweteke alimi. Mlimi wa burley amene amakagona pa Kanengo kudikira mabelo ake agulidwe sapindula kanthu kooneka ndi kapulasitiki kochokera ku Shenzhen kamene katayidwa pa depoti ya Dedza, nde musamubise kumbuyo kwake. Komanso dziko lathu linavomereza kale pangano la WHO loletsa kufala kwa fodya mu 2023, ndiye kukhala ndi malamulo omveka pa ma vape ndi ntchito imene tinalonjeza tokha.

Pempho langa kwa aphungu athu ndi a zachilengedwe ndi loti musaletse zonse mwachimbulimbuli, mukatero msika ungolowa pansi ndipo juwisi wachinyengo ndi amene achuluke. Letsani kulowetsa zotaya, zazing'ono ndi zazikulu zomwe. Yothira igulitsidwe kwa wa zaka 18 kupita m'tsogolo basi, kutali ndi masukulu, juwisi akhale ndi malire a nikotini ndi chitsekerero choti mwana sangatsegule, ndipo wogulitsa aliyense akhale ndi chitini cholandirira ma pod ndi mabatire akutha, asamangolandira ndalama zinyalala n'kutisiyira ife. Msonkho nawo ndi wotheka, ku South Africa anayamba kudula R2.90 pa ml iliyonse ya juwisi mu June 2023, ife tikhoza kuona mlingo wotiyenera ndipo ndalamayo ina ipite ku ntchito yosonkhanitsa mabatire.

Pakadali pano amene muli ndi zotaya zakutha m'nyumba musaziponye pa moto kapena m'chimbudzi, sungani m'chitini chouma chokhala ndi mchenga pang'ono, pamthunzi, kutali ndi ana, kapena kafunseni wokonza mafoni wa kwanuko ngati angalandire, ambiri a ife timasunga kale mabatire akufa a mafoni padera. Ndipo inu Akonzi, tatumizani mtolankhani wanu akafunse a MBS oona za ubwino wa katundu ndi a MEPA oteteza chilengedwe kuti maganizo awo ndi otani pa juwisi ameneyu ndi mabatire amenewa, mayankho awo mutilembere tiwerenge.

Ine wowerenga wanu,
Wokonza mafoni, Dedza boma