Odwala khansa tisawasiye okha

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za anzathu amene akudwala khansa. Chaka chilichonse pa 4 February dziko lonse limakumbukira matendawa, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2020 anthu pafupifupi 10 miliyoni anamwalira nawo. Koma tsikulo likadutsa, wodwala amatsala yekha ndi nkhawa zake.

Mchemwali wanga atamupeza ndi khansa ya m'mawere, sabata yoyamba anthu ankabwera mwaunyinji. Atayamba kulandira mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa otchedwa chemotherapy, tsitsi n'kuthothoka, mseru osatha, thupi lofooka, anthu aja anayamba kuzimiririka mmodzimmodzi. Ena ankaopa kutengera, chonsecho khansa siyopatsirana. Enawo ndikuganiza ankangosowa chonena, ndipo sindiwada.

Chinamulimbitsa ndi kagulu ka amayi odwala anzake pa WhatsApp. Tsiku lina anati watopa, sapitanso kuchipatala. Amene anamubweza maganizo ndi mayi wina wa m'gululo yemwe anadutsa momwemo, osati ife abale ake. Izi si zazing'ono ayi. Mankhwalawa amaperekedwa m'zigawo zotsatizana, ndipo munthu wokhumudwa, wosowa womuperekeza, savuta kudumpha masiku, zomwe zimachepetsa mphamvu ya chithandizo.

Tisaiwalenso osamalira odwala. Ine ndinagona pampando usiku wambiri, koma palibe anandifunsa kuti ndikupeza bwanji.

Ndikupempha zipatala kuti wodwala akangouzidwa zotsatira, azimulumikiza ndi gulu la odwala anzake tsiku lomwelo.

Ine wowerenga wanu