Kalata kwa Amayi kuchokera ku South Bend

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine kuno ndili bwino, msana wokhawu ndi umene ukuvuta. Moni kwa azakhali ndi onse a kutchalitchi. Kalatayi ndapatsira mayi wina amene timapemphera naye kuno, akubwera ku Blantyre, chifukwa foni yanu ija masiku ano imagona m'thumba mwa achimwene. Akuwerengereni mdzukulu wanu wamkuluyo, wina ayi.

Malata ali kuti, amayi? Mu June ndinatumiza madola 600 ndipo ndinanena momveka kuti ndi a malata a geji 28, misomali ndi kalipentala. Azakhali akuti nyumba ija ikadali chomwecho, zipupa zokhazokha, koma achimwene akuuluka pa njinga yamoto yatsopano, kunyamula anthu pakati pa Ntcheu boma ndi Kampepuza. Sindikunena kuti aba. Ndikungofunsa kuti munthu amene mu May amandipempha ya yunitsi, njinga waigula ndi chiyani?

Chandiwawa kwambiri n'chakuti akuonetsa anthu chithunzi changa chija ndili pa ngolo ya mahatchi, n'kumati mlongo wawo ndalama zamuchulukira, akungoyenda m'matchuthi. Ndiye mumve bwino. Ulendo uja unali wa agogo achizungu amene ndimawasamalira. Ana awo ndi amene anawatengera ku Mackinac Island, ku Michigan, ine anandinyamula kuti ndizikankha njinga yawo ya olumala, kuwamwetsa mankhwala ndi kuwasintha usiku. Boti, chipinda, ngolo, zonse analipira mwana wawo wamwamuna. Chithunzicho anajambulanso ndi iyeyo. Kumanja kwa chithunzi kukuoneka chikwama chakuda pamiyendo panga, mmenemo munali matewera a agogowo.

Malowo ndi okongola, zimenezo sindingabise. Ndi chilumba cha pa nyanja ya Huron, madzi ake opanda mchere. Galimoto tinaisiya ku Mackinaw City n'kuwoloka pa boti, chifukwa pachilumbapo galimoto analetsa kuyambira 1898, zinkaopseza mahatchi. Zimene amaloleza ndi zochepa chabe, monga ambulansi ndi ya ozimitsa moto. Zina zonse, masutikesi a alendo, makatoni a chakudya cha m'mahotela, ngakhale zinyalala, zimayenda pa ngolo kapena pa njinga yakapalasa. Msewu wozungulira chilumba chonse ndi wa makilomita 13 okha, ndipo umangomva ziboda ndi mabelu a njinga.

Mankhwala a BP aja mukumwa tsiku lililonse? Musamadikire kuti mutu uyambe kaye. Akatha tumani mwana kuchipatala, ndalama ya thiransipoti ili mu zimene ndatumiza lero.

Mahatchi a pachilumba paja ndi zimphona, amayi, mitundu yake amati Percheron ndi Belgian. Ndinaima pafupi ndi imodzi podikira kukweza agogo, msana wake unandipitirira mutu, chiboda chake kukula ngati mbale yathu ya nsima ija. M'tauni ngolo imakokedwa ndi mahatchi awiri. Mukakwera mtunda mumatsika n'kulowa ina yaikulu ya mahatchi atatu, yonyamula anthu oposa 30, imene imadutsa m'nkhalango mpaka pa Arch Rock, thanthwe lobooka pakati limene lili mamita oposa 40 pamwamba pa madzi. Anzanga onse anathamangira kukajambulitsa, ine ndinatsala ndi agogo poti anali atayamba kuwodzera. Linga la asilikali limene Angerezi anamanga m'ma 1780 ndinangoliona kunja. Hotela yaikulu yoyera ija, Grand Hotel, ya 1887, munthu amene sukugona momwemo umalipira kuti ungoyenda pakhonde pake. Ine ndikanalipira khonde la eni pamene lathu lilibe denga?

Chimene maso anga anakakamirapo ndi ndowe. Pali anthu olembedwa ntchito yongotola ndowe za mahatchi mumsewu ndi fosholo, tsiku lonse, chifukwa nyengo yotentha mahatchi amakhalapo mazanamazana. Fungo lake limasakanikirana ndi la maswiti ofewa amene amagulitsa m'masitolo ambiri, amati fudge. Ndinangoti manyowa onsewa akanafika kudimba kwathu kuja, kabichi ndi mbatatesi zikanatani chaka chino! Mtima unandipweteka pamenepo, ndinalakalaka chimanga chootcha cha pa Lizulu.

Tsopano za feteleza. Lero ndalandira ndipo ndatumiza madola 350, koma ulendo uno pa nambala ya azakhali. Matumba awiri a NPK ndi limodzi la Urea mugule panopa, musadikire November mitengo itakwera. Yotsalayo ndi fizi ya mtsikana, sukulu zikutsegulira mu September, ndi nsapato zake. Malisiti onse azakhali awajambule anditumizire. Achimwene asagwireko ngakhale tambala, ngakhale anene kuti akungobwereka ya petulo.

Amene ankakonza chipinda chathu kuhotela ku Mackinac kuja anali mayi wa ku Jamaica. Ambiri ogwira ntchito kumeneko ndi obwera, amafika nyengo ya alendo ikamayamba cha mu May, kuzizira kukayandikira mu October n'kubwerera kwawo, mahatchi ambiri nawonso n'kuwolotsedwa pa boti kupita kumtunda. Tinacheza pang'ono akuyala bedi. Iye kwawo amapitako chaka chilichonse, ana ake amamuona. Ine wamng'ono uja ndinamusiya akuyamwa chala, lero akuti akulemba mayeso a Sitandade 8. Ndimaimirira usiku wonse kunyamula anthu olemera kuposa ine kuti inu musamatchere mabeseni m'nyumba mvula ikamagwa, ndiye wina azikwerapo njinga?

Muwaitane achimwene pamaso pa amalume, osati nokha, chifukwa ndikudziwa inu mumawamvera chisoni akangogwetsa nkhope. Ngati njingayo yachokera pa ndalama zanga, avomere, ndipo azipereka kwa azakhali sabata iliyonse kuchokera pa kabazayo mpaka malata akwane. Akakana, igulitsidwe. Denga likhale litakhomedwa October asanathe, ndipo kalipentala akhale yemwe uja anakhoma la kutchalitchi, osati mnzawo wa achimwene. Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ili ndi bere. Foni ibwerere m'manja mwanu sabata ino, Lamlungu madzulo ndiimba ndipo ndikufuna muyankhe inuyo.

Ndine mwana wanu,
ku South Bend, Indiana